Maluwa a Mzime ndi Diresi Loyera

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kwawo onse ankamutchula Mzime. Ankamutchula choncho chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa.

Mzime ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupatsa Achemwali ake mphatso. Achemwali anali pafupi kukwatiwa.

Pakhomo aliyense anali ndi ntchito. Amayi anali telala. Iwo ankasoka diresi la ukwati. Achimwene ankatsuka mipando. Azakhali ankabwera kudzauza aliyense chochita.

"Nanga ine?" Mzime anafunsa.

"Iwe ntchito yako ndi yosavuta," Achimwene anatero akuseka. "Usagwire kanthu."

Diresi linkakhala m'chipinda chosokera. Amayi ankalipachika kuseri kwa chitseko. Linali loyera mbee! Linali lalitali mpaka pansi. Pachifuwa panali timikanda ting'onoting'ono.

Amayi anasokerera timikanda timeneti pamanja. Ankasokerera kamodzikamodzi. Zala zawo zinkawawa. Maso awo ankafiira.

"Diresi ndi lomweli basi," Amayi ankatero. "Nsalu yatha. Likawonongeka, lina kulibe."

Mzime ankaliyang'ana ali pakhomo. Manja ankawaika kumbuyo.

Koma Mzime anali ndi kanthu kake. Kuseri kwa nyumba kunali beseni lakale lobooka. Mzime anathiramo dothi. Anadzalamo maluwa. Mbewu zake zinali ngati anyezi. Anamupatsa ndi mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo.

M'mawa uliwonse Mzime ankathirira. Ankazula udzu. Ankapirikitsa nkhuku. Ankayankhulanso nawo maluwawo.

"Kulani msanga," ankanong'ona. "Ukwati wayandikira."

Kaya maluwa anamva, kaya sanamve. Koma anakula. Anatalika mpaka m'chiuno mwa Mzime. Kenako anayamba kumasula. Anali oyera. Anali aakulu ngati malipenga. Ankanunkhira mpaka kukhitchini.

Mzime anathamanga. Anagwira Achemwali dzanja. Anawakokera kuseri kwa nyumba.

"Awa ndi anu, Achemwali," anatero.

Achemwali ananjuta pafupi ndi beseni. Anayang'ana maluwa. Anayang'ana Mzime.

"Wadzala wekha, mng'ono wanga?"

"Ndekha."

"Basi, kusitolo sindigulanso maluwa," Achemwali anatero. "Pa ukwati wanga ndidzanyamula awa."

Mzime anadumpha. Anadumphanso. Tsiku limenelo anayimba mpaka mawu anasasa.

Kutacha, Mzime anapita kukathirira. Anali atavala malaya ake oyera. Anawerama. Analowetsa mphuno m'kati mwa duwa. Ananunkhiza kwambiri.

Achimwene ankadutsa atanyamula mpando. Anaima. Anayamba kuseka.

"Iwe Mzime! Mphuno yako yapsa ngati mango!"

Mzime anagwira mphuno. Chala chinatuluka ndi ufa wachikasu. Mzime anapukuta mphuno ndi malaya ake. Pamalayapo panatsala banga lachikasu.

Mzime anatikita bangalo ndi chala. Banga linakula.

Anathamangira pampopi. Anathira madzi. Banga linafalikira.

Anatenga sopo. Anachapa. Anachapanso. Anayanika malaya pachingwe. Malaya anauma. Koma banga linali pomwepo.

Mzime anakhala pansi pakhonde. Anayang'ana malaya ake pachingwe. Kenako anasuzumira pawindo la chipinda chosokera. Diresi linali kuseri kwa chitseko, loyera mbee.

Mzime anaganiza. Achemwali adzanyamula maluwa bwanji? Adzawafungatira pachifuwa. Pachifuwa ndi pamene pali timikanda ta Amayi.

 

"Ndikanena, adzagula maluwa ena kusitolo," anaganiza. "Anga adzatsala m'beseni."

Anaganizanso.

"Ndikapanda kunena, diresi lidzathimbirira. Lina kulibe."

Masana Mzime sanadye bwino. Anzake anamuitana kokasewera. Iye sanapite. Anapita kuseri kwa nyumba. Anakhala pafupi ndi beseni. Maluwa ankagwedera ndi kamphepo. Iwo sankadziwa kanthu.

Mzime anakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako anaimirira. Anachotsa malaya pachingwe. Anayenda pang'onopang'ono kupita kuchipinda chosokera.

Achemwali anali akuyesa diresi. Anaima pakampando. Amayi anagwada pansi, timapini tili kukamwa. Azakhali anakhala pampando, manja atapinda.

Mzime sanalowe. Anaima pakhomo.

"Achemwali," anatero chapansipansi. "Musadzanyamule maluwa anga."

"Bwanji, mng'ono wanga?"

Mzime anatambasula malaya ake. Onse anaona banga.

"Ndi maluwa aja," Mzime anatero. "Ali ndi ufa. Ufawo suchoka."



Azakhali ndi amene anayamba kuyankhula. "Ine ndinadziwa! Tigule apulasitiki basi. Safota. Salira madzi. Sadetsa munthu."

Mzime anayang'ana pansi. Misozi inalengeza.

Amayi anachotsa timapini kukamwa. "Wachita bwino kunena, mwanangu," anatero. "Sichinali chapafupi."

"Koma ine ndikufuna maluwa a Mzime," Achemwali anatero.

"Inenso ndikufuna diresi loyera," Amayi anayankha.



Kenako Amayi anatola tizidutswa ta nsalu pansi. Tinali totsala pa diresi. Tinali tating'ono, tosati n'kusokera kanthu. Anatiika m'manja mwa Mzime.

"Ukwati sunafike," anatero. "Iwe ganiza. Nafenso tiganiza."

Mzime anabwerera kuseri kwa nyumba. Anayala tinsalu tija pa njerwa. Anadula duwa limodzi. Analiyang'anitsitsa.

Anakhudzitsa mbali yoyera ya duwa pa kansalu. Kansalu kanali koyera.

Anakhudzitsa tsamba. Kansalu kanali koyera.

Anakhudzitsa phesi, kumene anadula kuja. Panatsala kadontho konyowa, kobiriwira.

"Ehe," Mzime anatero. "Phesi nalonso."

Kenako anasuzumira m'kati mwa duwa. Munali timitu ting'onoting'ono. Tinaima pa timiyendo towonda ngati ulusi. Mzime anakhudzitsa kamutu kamodzi pa kansalu. Chikasu chokhachokha!

Mzime anakhala tsonga.

"Duwa lonse si loipa," anatero. "Ufa uli pa timitu tokhati."

Nthawi yomweyo kunabwera njuchi. Inalowa m'duwa lina. Inatuluka miyendo ili yachikasu. Inaulukira kutali.

Amayi anatulukira kudzataya madzi. Mzime anawaonetsa.

"Ufa umenewo dzina lake ndi mungu," Amayi anatero. "Njuchi zimaufuna. Duwa nalo limaufuna kuti libereke mbewu."

"Ndiye ndikachotsa timituti, duwa limva kuwawa?"

"Ayi. Koma njuchi sizipezamo mungu."

Mzime anaganiza. Anaganizanso.

"Ndidzadula ena," anatero. "Ena ndidzasiyira njuchi."

Anatenga kapepala kofewa. Anagwira kamutu kamodzi ndi kapepalako. Anakoka pang'ono. Kanathothoka mosavuta.

"Pepa, duwa," ananong'ona.

Anachotsa kena. Anachotsanso kena. Timitu tonse tinatha. Anakhudzitsa duwa pa kansalu katsopano. Kansalu kanali koyera. Analitembenuza. Analigwedeza. Kansalu kanali koyerabe.

Tsopano linatsala phesi. Mzime analipukuta mpaka linauma. Analikulunga ndi kansalu. Amayi anamupatsa riboni. Mzime anamanga bwinobwino.

"Bwerani mudzaone!" anafuula.

Onse anabwera pakhonde. Mzime anaika kansalu koyera pachifuwa pa Achimwene. Anawapatsa duwa.

"Yendani ngati mkwatibwi," anatero.

Achimwene anafungatira duwa. Anayenda monyang'wa. Anaphethira maso. Anagwedeza chiuno. Achemwali anaseka mpaka anagwira m'mimba.

Mzime anachotsa kansalu kaja. Anakapereka kwa Azakhali ndi manja awiri.

Azakhali anavala magalasi. Anayang'ana kutsogolo. Anayang'ana kumbuyo. Anakakweza kudzuwa.

"Hmm," anatero. "Apulasitiki aja anali osaoneka bwino, kunena zoona."

Tsiku la ukwati linafika. Mzime anadzuka mamawa. Anadula maluwa okongola kwambiri. Ena anawasiya m'beseni.

Anachotsa timitu tonse ndi kapepala. Anapukuta mapesi. Anawakulunga ndi nsalu. Anamanga riboni.

Duwa limodzi linali lisanamasule. Linali lotsekeka ndithu.

"Iwe ukadagona," Mzime anatero. "Gona choncho."

Anaika maluwa pafupi ndi windo. Anapita kukasamba.

M'nyumba munali piringupiringu. Wina ankafuna nsapato. Wina ankafuna chipeso. Achimwene ankamata mabokosi a mphatso ndi selotepi. Kunja dzuwa linakwera. Linawomba pawindo paja. Linafunditsa maluwa.

Kenako Achemwali anatuluka m'chipinda. Anali atavala diresi. Timikanda tinkanyezimira. Amayi anagwira pakamwa. Mzime anaiwala kupuma.

Panja galimoto inaliza hutala. Pii! Pii!

"Maluwa! Maluwa ali kuti?" Azakhali anafuula.

Mzime anathamanga. Anatenga maluwa pawindo. Anawapereka mwachangu. Achemwali anawafungatira. Anawanunkhiza.

"Zikomo, mng'ono wanga."

Kenako anawatsitsa. Mzime anaona. Pachifuwa, m'munsi mwa timikanda, panali ufa wachikasu.

Duwa logona lija linali litadzuka. Dzuwa linalimasula. Timitu take tinali panja.

"Mayo ine!" Azakhali anakuwa. "Diresi! Madzi! Bweretsani madzi!"

Anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi chinsalu chonyowa. Madzi ankadontha pansi.

 Mzime anali asanatsutsepo Azakhali. Koma anaima kutsogolo kwa Achemwali. Anatambasula manja.

"Azakhali, pepani. Musapukute."

"Mwana iwe, tachoka! Nthawi yatha!"

"Chonde, Azakhali. Ine ndinatikita malaya anga. Banga linakula. Ndinathira madzi. Banga linafalikira."

Azakhali anayang'ana Amayi. Amayi anayang'ana Mzime.

"Azakhali ake, dikirani kaye," Amayi anatero. "Timumve mwanayu."

Achemwali anaima osagwedezeka. 

Mzime anatenga maluwa. Anawaika patebulo, kutali ndi diresi. Anakwera pakampando. Anayang'anitsitsa ufa uja. Sanaugwire.

"Sunalowe m'nsalu," anatero. "Wangokhala pamwamba. Tisaukankhire m'kati. Tiunyamule."

"Tiunyamule ndi chiyani?" Amayi anafunsa.

 Mzime anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Galimoto inalizanso hutala. Pii! Pii!

Achimwene anaima pakona, kukamwa kuli yasa. Pachala pawo panali kachidutswa ka selotepi. Ku selotepiko kunamatirira kaulusi ndi fumbi.

"Achimwene, ndipatseni selotepi!"

"Pa diresi?" Azakhali anadabwa.

"Tiyese kaye pena," Mzime anatero.

Anatola kansalu kotsala. Anagwedezerapo duwa lija. Ufa unagwera pa kansaluko. Mzime anadula selotepi. Anaigunditsa pang'ono. Anainyamula.

Ufa unapita ndi selotepi. Kansalu kanatsala koyera.

"Amayi, chitani ndinu," Mzime anatero. 

Amayi anapukuta manja awo. Achimwene ankadula selotepi. Mzime ankaloza.

"Apa, Amayi."

Amayi anagunditsa. Ananyamula.

"Apanso."

Amayi anatenga kachidutswa katsopano. Anagunditsa. Ananyamula.

 Gunditsa, nyamula. Gunditsa, nyamula. Chikasu chinkachepa. Chinkachepabe.

"Katsala kamodzi," Mzime anatero. "Pafupi ndi kamkanda aka."

Amayi anagunditsa. Ananyamula.

Onse anayandikira. Anayang'ana. Anayang'ananso. Diresi linali loyera mbee!

Amayi anapumira m'mwamba. Achemwali anaseka, misozi ili m'maso. Azakhali anayang'ana chinsalu chonyowa m'manja mwawo. Anadzipukuta nacho kumaso.

"Thukuta lonseli," anatero. "Mwana iwe, wandikalambitsa lero."

Kenako anamusisita Mzime pamutu.

Mzime anatulutsa maluwa panja. Anachotsa timitu ta duwa lodzuka lija. Anasuzumira m'duwa lililonse. Anawagwedeza. Sipanagwe kanthu.

Anabwerera m'nyumba. Anaima pamaso pa Achemwali. Sanawapereke msanga.

"Mukuwafunabe?" anafunsa.

"Kwambiri," Achemwali anayankha. "Tandiuza kanyamulidwe kake."

"Muwatsitse pang'ono. Asagunde diresi. Ayang'ane kutsogolo, kwa anthu."

"Chonchi?"

"Eya, choncho."

Muholo munadzaza anthu. Nyimbo inayamba. Achemwali analowa pang'onopang'ono. Diresi linkawala. Maluwa ankayang'ana kwa anthu. Fungo lake linafika mpaka kumipando yakumbuyo.

Mwambo utatha, onse anatuluka panja. Anthu ankaseka. Ankajambulitsa.

Mzime anaima payekha pafupi ndi khoma. Anaona galimoto ina itaima pamsewu. Kumbuyo kwake kunali sutikesi ya Achemwali. Mzime anaizindikira. Achemwali sabwerera kunyumba lero. Sabwereranso mawa. Akupita kunyumba ina.



Kenako panafika mkwati. Anali wamtali kwambiri. Anali atavala suti. Ananjuta pamaso pa Mzime. Anatambasula manja onse awiri.

"Alamu, zikomo kwambiri," anatero. "Ndamva zonse."

Mzime anacheuka kumbuyo. Kunali khoma lokha.

"Ndikunena inu," mkwati anatero akumwetulira.

"Ine?"

"Inuyo. Kuyambira lero ndinu alamu anga."

Mzime anadabwa. Palibe amene anamutchulapo kuti inu. Palibe amene anamupatsapo moni ndi manja awiri.

"Mukupita nawo kutali Achemwali?" anafunsa.

"Si kutali ayi. Basi imafika pakhomo penipeni. Ndipo patebulo pathu pali mpando wa alamu. Musaulekerere uzizire."

Mzime anaganiza pang'ono. Kenako anapereka dzanja lake.

"Zikomo, Alamu," anatero.

"Banja lonse, bwerani kuno!" wojambula anaitana.

Amayi anabwera. Achimwene anabwera. Azakhali anabwera akukonza kolala ya Achimwene. Achemwali anakodola Mzime ndi dzanja.

"Iwe uime apa, pakati pathu."

Mzime anaima pakati. Dzanja lina anagwira Achemwali. Dzanja lina anagwira Alamu.

"Aliyense amwetulire!" wojambula anatero.

Koma Mzime anali atayamba kale.